Mankhwala a m'maso si Panado

Pali mankhwala amene ife achinyamata timawatenga mopepuka kuposa ena onse, ndipo ndi aja a m'kabotolo kodontheza m'maso. Diso likangofiira kapena kuyabwa, njira timaidziwa kale. Timalowa m'famase yapafupi, kapena m'golosale momwe akugulitsanso sopo ndi mayunitsi, n'kunena kuti "mundipatseko a m'maso." Wogulitsa safunsa kuti disolo layamba liti, ifenso sitifunsa kuti m'botolomo muli chiyani. Ena safika n'komwe kogulako. Amangotsegula kabati n'kutulutsa kabotolo kamene mchemwali wawo adagwiritsa ntchito chaka chatha, kapena kubwereka kwa mnzawo wogona naye chipinda chimodzi kukoleji.

Ine ndikuti khalidweli ndi loopsa kuposa mmene timaganizira, ndipo mlandu wake si wa ife ogula tokha. Dontho lolowa m'diso liyenera kusamalidwa ngati jakisoni, kuyambira kumene likupangidwa mpaka litafika pachikope chanu.

Chifukwa chake chili m'mapangidwe a disolo. Mukameza piritsi, limakagwera mu asidi wa m'mimba amene amapha tizilombo tambiri. Mukapaka mafuta pamkono, khungu limatchinga. Diso lilibe mpanda wotero. Kutsogolo kwake kuli kagalasi koonekera kamene achipatala amati cornea, ndipo kuchindikala kwake ndi pafupifupi theka la milimita basi. Kagalasika kalibe mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake kuwala kumadutsa bwino. Koma asilikali a m'thupi amayenda m'magazi, ndiye kumeneko amafika mochedwa. Pakakhala kabala kakang'ono, mwina kokandidwa ndi chikhadabo kapena tsamba la chimanga, tizilombo tina monga Pseudomonas aeruginosa timatha kudya kagalasiko mpaka kuboola m'masiku awiri okha. Ngakhale chilondacho chipole, chimasiya chipsera choyera chija timachiona pamaso pa anthu ena, ndipo chikakhala pakati penipeni munthu saonanso bwino moyo wake wonse. Chipsera cha pamwendo mumavala thalauza n'kuiwala. Cha padiso chimakulandani foni imene mukuwerengera nkhani inoyi.

Amene akuona ngati ndikukokomeza aone zimene zidachitika ku America m'chaka cha 2023. Anthu kumeneko ankagula madontho otchedwa EzriCare Artificial Tears, amene sali n'komwe mankhwala amphamvu. Ndi timadzi tongonyowetsa diso likamauma, ndipo amagulidwa popanda kalata ya dokotala. Madonthowo ankapangidwa ndi kampani ya Global Pharma Healthcare ya mumzinda wa Chennai ku India. M'mabotolo otsegulidwa mudapezeka Pseudomonas wa mtundu wosamva mankhwala ambiri. Pofika mwezi wa May chaka chomwecho, bungwe loona za matenda la CDC lidawerenga anthu 81 okhudzidwa m'zigawo 18 za dzikolo. Mwa iwo, 14 adasiya kuona, anayi madokotala adachita kuwachotsa diso lonse, ndipo anayi adamwalira. Bungwe loyang'anira mankhwala la FDA lidapeza kuti madonthowo ankaikidwa m'botolo logwiritsa ntchito kambirimbiri koma mulibe mankhwala otetezera kuti tizilombo tisaswane, komanso kuti fakitaleyo sinkayeza mokwanira ngati katundu wake ali woyera.

Chaka chisanathe, mu October, FDA idachenjezanso anthu za mitundu ina yoposa 20 ya madontho ogulitsidwa m'masitolo akuluakulu a dzikolo. Oyendera atalowa m'fakitale imene inkawapanga, ya Kilitch Healthcare ku India konko, adapeza ogwira ntchito ena akuyenda opanda nsapato m'malo amene amayenera kukhala opanda kachilombo ngakhale kamodzi, pansi pali ming'alu.

Sindikunyoza mankhwala a ku India ayi. Ambiri mwa mankhwala amene akutisunga ndi moyo kuno amachokera komweko ndipo ndi abwino. Mfundo yanga ndi ina. Ku America vutolo lidadziwika chifukwa kudali malabotale amene adatha kuona kuti tizilombo ta wodwala wa m'chigawo china n'tofanana ndi ta wodwala wa kutali, n'kulondoloza mpaka pa botolo. Kwathu kuno munthu akachita khungu atadontheza mankhwala, kabotoloko kamatayidwa kudzala, abale n'kumati ndi tsoka kapena wina wamuchita chipongwe. Palibe amene amakatenga kukayezetsa.

Koma tinene zoona, maso ambiri kuno saonongeka ndi fakitale ya kutali. Amaonongeka pakhomo. Kumbukirani kumayambiriro kwa 2024, pamene matenda a maso ofiira aja tinkangoti pink eye adabuka ku Karonga n'kufalikira m'maboma ena. Magalasi akuda adayenda malonda, ndipo pa WhatsApp aliyense adasanduka dokotala wa maso. Uyu akuti mkodzo wa m'mamawa, uyo akuti mkaka wa m'mawere, winanso akuti madzi a mchere kapena a masamba ofinya. Matenda otere nthawi zambiri amayamba ndi vayirasi ndipo amatha okha pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri. Apa ndiye pagona chinyengo. Munthu adontheza mkodzo Lolemba, diso lichira Loweruka monga mmene likadachirira ngakhale osalikhudza, basi mkodzo watenga ulemu. Voice note ija yapeza mboni ina. Amene diso lake lidaphulika satumiza voice note.

Ndipo limaphulikadi. Mkodzo wa munthu amene ali ndi chinzonono umanyamula tizilombo take, ndipo tizilombo ta chinzonono tili m'gulu la tochepa timene timatha kulowa mu cornea ngakhale palibe bala. Anthu ambiri amakhala ndi matendawa osadziwa. Madzi a zitsamba nawo amabwera ndi fangasi wa m'nthaka ndi m'masamba, ena amawotcha ndithu. Izi si zachilendo kwa madokotala athu. Kafukufuku amene adachitika m'zipatala za m'maboma kuno ku Malawi n'kusindikizidwa m'chaka cha 1994 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse obwera ndi matenda a cornea adali atayamba wathira mankhwala achikuda m'diso. Papita zaka zoposa 30. Chasintha n'chakuti kale malangizowo ankachokera kwa agogo mmodzi m'mudzi, lero akuchokera pa TikTok ndipo amafika kwa anthu masauzande tsiku limodzi.

Tili pomwepo, pink eye sapatsirana poyang'anana. Amayenda ndi manja, thaulo, pilo, ndi kabotolo ka mankhwala kobwerekana kaja. Magalasi akuda amathandiza ngati kuwala kukukupwetekani, koma amene amateteza mnzanu ndi sopo.

Tsopano tifike pa amene ine ndimawaopa kwambiri, chifukwa awa amagulidwa m'sitolo yooneka bwino ndipo amagwiradi ntchito. Tengani kabotolo kamene kali kwanuko muwerenge timalemba tating'onoto. Mukaona mawu akuti dexamethasone, prednisolone, betamethasone kapena hydrocortisone, dziwani kuti muli steroid. Nthawi zambiri amasakanizidwa ndi mankhwala opha mabakiteriya monga neomycin, ndiye wogulitsa amangoti "awa ndi amphamvu." Amphamvudi. Mudontheze madzulo, m'mawa diso layera, kuyabwa kwatha. Mwezi wamawa mubwereranso pa sitolo yomweyo n'kutchula dzina lake ngati mnzanu wakale.

Chimene steroid amachita ndi kuuza thupi kuti lisiye kumenya nkhondo. Kufiira ndi kutupa zimatha chifukwa asilikali abwerera kunyumba, osati chifukwa mdani wafa. Ngati m'disomo mudali vayirasi ya herpes kapena fangasi, mwamutsegulira chitseko. Taganizirani mlimi amene tsamba la chimanga lamukanda m'diso nthawi yokolola. Mabala otero ndi amene amabweretsa fangasi. Mwana wake wa m'tauni, pofuna kuthandiza, amugulira madontho "amphamvu" n'kuwatumiza pa minibasi. Masiku oyamba ululu uchepa, onse asangalala. Pomwe akuzindikira n'kuti chilonda chadya pakati pa diso.

Vuto lachiwiri limabwera mwakachetechete. Mwa anthu ena steroid akagwiritsidwa ntchito milungu ingapo amakweza mphamvu ya madzi a mkati mwa diso, n'kuyamba kupha mtsempha umene umatumiza zithunzi ku ubongo. Matenda amenewa ndi glaucoma. Sapweteka, amayamba kudya m'mbalimbali, ndipo kuona kumene kwapita sikubwerera ngakhale mutapita ku Johannesburg. Steroid amabweretsanso ng'ala munthu akadali wamng'ono. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi ana, makamaka aja maso awo amayabwa chaka chonse n'kumaoneka ofiirira ngati dothi la katondo. Matenda amenewo ndi ofala m'mayiko otentha ngati lathu, ndipo makolo akangoona kuti kabotolo kena kakuthandiza amangogula komweko chaka ndi chaka. Mwana wa Sitandade 5 n'kuyamba kugunda mipando.

Sikuti steroid ndi poizoni. Madokotala a maso amawagwiritsa ntchito tsiku lililonse, pambuyo pa opaleshoni ya ng'ala komanso pa matenda ena otupitsa mkati mwa diso, ndipo amapulumutsa maso ambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti dokotala amayamba waunika diso ndi makina, amathira kamankhwala kachikasu koonetsa ngati pali chilonda, amayeza mphamvu ya madzi ija, amakuuzani tsiku losiya. Wa pakauntala alibe chilichonse mwa zimenezi. Kwa ine, kugulitsa madontho a steroid popanda kalata ya dokotala ndi mlandu woyenera kulanditsa chiphaso, ndipo wafamase amene wakukanizani sakuchita matama. Akukuchitirani chifundo chimene simunapemphe.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ambiri sitiiona chifukwa imachitika kuseri kwa chitseko cha chipatala. Si mankhwala onse a m'maso amene amabwera okonzeka kuchokera kufakitale. Munthu akakhala ndi chilonda chachikulu pa cornea, madontho wamba amatha kuchepa mphamvu, ndiye achipatala amatenga mankhwala a jakisoni monga gentamicin, ceftazidime kapena vancomycin n'kuwasungunula kuti akhale madontho amphamvu kwambiri. Poyamba wodwala amadonthezedwa ola lililonse, usana ndi usiku. Madonthowa amathiridwa pabala lotseguka, ndipo alibe chitetezo cha amene adapangidwa kufakitale. Amasungidwa mufiriji, n'kutayidwa pakangotha masiku ochepa amene wafamase walemba pabotolo.

Ndiye pali jakisoni wobaya mkati mwenimweni mwa diso. Inde, alipo. Anthu amene matenda a shuga awaononga kumbuyo kwa diso amabayidwa mankhwala otchedwa bevacizumab, odziwika ndi dzina la Avastin. Mankhwalawa adapangidwira khansa ndipo amabwera m'botolo la mamililita anayi, koma diso limangofuna mamililita 0.05. Botolo limodzi limagawidwa m'masirinji makumi angapo. N'chifukwa chake ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi anzake opangidwira diso monga Lucentis, ndipo bungwe la WHO lidawaika pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira. Kwa mayiko osauka ngati lathu, kumene odwala shuga akuchuluka, kugawa kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti chithandizocho chitheke. Koma mkati mwa diso muli madzi olimba ngati utomoni amene alibe mitsempha ya magazi. Kwa kachilombo, amenewo ndi nsima yophikaphika. Botolo limodzi likadetsedwa pogawa, onse obayidwa kuchokera m'botololo ali m'madzi.

Zidachitika ku Florida m'chaka cha 2011, pamene anthu osachepera 12 a m'dera la Miami adadwala mkati mwa diso atabayidwa Avastin wogawidwa pa famase imodzi, ena mpaka kuchita khungu. Tizilombo tidapezekato tidali ta mtundu wa Streptococcus umene umakhala m'kamwa mwa munthu. Zidachitikanso ku Punjab m'dziko la Pakistan mu September 2023, kumene anthu oposa 60 adaonongeka maso, boma n'kuimitsa kaye mankhwalawo uku likufufuza amene ankawagawa m'masirinji. Konseko mankhwala enieniwo sadali olakwa. Cholakwa chidali malo ndi manja.

Malo oyenera amaoneka chonchi. Ndi chipinda chapadera chimene munthu salowamo ndi zovala za panja, wotchi, zodzola kapena foni. Amasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kuvala gauni, chophimba tsitsi, masiki ndi magolovesi ophedwa tizilombo. Ntchito imachitikira m'kabati imene imapemerera mpweya wosefedwa mbali imodzi yokha, kuti fumbi lisagwere pa mankhwala. Sefa yake, yotchedwa HEPA, imagwira tinthu 99.97 pa 100 tiliwonse ta kukula kwa ma micron 0.3, tinthu tosaoneka ndi maso. Chivindikiro cha botolo lililonse chimapukutidwa ndi spirit ya 70 peresenti. Mankhwala osungunulidwa amatha kudutsitsidwa mu kasefa ka ma micron 0.22 kamene kamatsekereza mabakiteriya. Chodetsa chachikulu m'chipindamo ndi munthu yemweyo, khungu lake limene limangofunduka, mpweya wake, kulankhula kwake. Kenaka pali masamu. Wachiwiri amayenera kubwereza kuwerengetsa, chifukwa kuphonya kadontho kamodzi pa nambala kumatanthauza mankhwala amphamvu kakhumi, ndipo gentamicin wochuluka akalowa mkati mwa diso amapha mbali imene imaona. Pomaliza botolo kapena sirinji iliyonse imalembedwa dzina la mankhwala, mphamvu yake, tsiku lopangidwa, tsiku lotaya ndi nambala ya gulu lake, kuti pakachitika vuto odwala onse apezeke msanga.

Ndikudziwa chimene ena mukunena: aise, ukukamba za ku Ulaya, kuno magetsi amazima pakati pa opaleshoni. Zoona. Kabati yotereyi imafuna magetsi osadukiza, sefa zosintha, ndi munthu woiyeza nthawi ndi nthawi. Koma sindikupempha kuti chipatala chilichonse cha kumudzi chikhale nayo. Malo amene ntchito zazikulu za maso zimachitikira ndi owerengeka: Lions Sight First ku Queens mu Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba, Mzuzu, Nkhoma, ndi zipatala zingapo zolipira. Akatswiri a zamankhwala tikuphunzitsa tokha ku KUHeS. Chimene ndikufuna n'chakuti paliponse pamene mankhwala olowa m'diso akusakanizidwa kapena kugawidwa, pakhale muyezo umodzi wolembedwa, woyenderedwa, ndipo amene sangaukwanitse azitenga kwa amene angathe. Opereka thandizo amakonda kugula makina ojambulika bwino pa mwambo wodula riboni. Kabati ya mpweya ndi jenereta yake sizikongola pachithunzi, koma ndi zimene zimasunga zotsatira za makina enawo.

Ntchito yoyang'anira zonsezi ili m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Ndi limene limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Pempho langa kwa iwo ndi loti azitola madontho a m'maso amene ali pamsika, m'mafamase ndi m'magolosale momwe, kuwayeza ngati muli tizilombo, n'kutiuza zotsatira poyera, m'Chichewa, pa Facebook pomwe tili. Ndipo chipatala chikalandira anthu awiri kapena atatu odwala mofanana atagwiritsa ntchito mankhwala amodzi, botolo lisungidwe ndipo lipoti lipite tsiku lomwelo.

Nkhani ya maonekedwe a botolo nayo si yaing'ono. Mu February 2019 bungwe la WHO lidachenjeza kuti mankhwala a chlorhexidine opaka pamchombo wa khanda akuthiridwa molakwika m'maso mwa ana, chifukwa timabotolo take tinkafanana ndi ta madontho a m'maso. Kuyambira 2015 padali patalembedwa ngozi zoposa 40 m'mayiko asanu ndi anayi a kuno ku Africa, ana ena mpaka kuchita khungu. Mayi amene wangobereka kumene, watopa, wapatsidwa mankhwala awiri popanda kufotokozeredwa bwino, angaimbidwe mlandu wanji? Pakhomo pathu pomwe, kabotolo ka super glue ndi ka mankhwala a m'khutu timafanana kwambiri ndi ka m'maso, makamaka usiku magetsi atazima. Musaziike pamalo amodzi.

Tsono mwapita kuchipatala, mwapatsidwa mankhwala oyenera. Ntchito yotsala ndi yanu, ndipo apa ambiri timalephera pa zinthu zosafuna ndalama. Chosindikizira cha pachivindikiro chikhale chosadulidwa ndipo tsiku lotha ntchito likhale lisanafike. Tsiku limene mwatsegula lilembeni pabotolo ndi cholembera, chifukwa madontho ambiri amayenera kutayidwa pakatha masiku 28 chitsegulireni, ngakhale pabokosi palembedwe chaka cha mkuja ndiponso ngakhale botolo likadali lodzaza. Tsiku la pabokosi ndi la botolo losatsegula. Ndikudziwa kuti zimawawa kutaya chinthu chimene mudagula ndi ndalama yosowayi, koma mankhwala otetezera aja sakhala ndi mphamvu mpaka kalekale.

Sambani m'manja ndi sopo. Yang'anani kumwamba, kokerani chikope cha m'munsi pansi kuti pakhale kathumba, n'kudontheza dontho limodzi. Limodzi basi. Diso silisunga zoposa pamenepo, lachiwirilo mukungothirira tsaya. Nsonga ya botolo isakhudze diso, nsidze kapena chala, chifukwa ikangokhudza yanyamula tizilombo n'kutibwezera m'botolo. Kenaka tsinzinani ndipo dinikizani ndi chala pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Pamenepo pali kanjira kopita m'mphuno, kaja kamachititsa kuti munthu akamalira mamina azituluka, ndipo mankhwala akadutsa mmenemo amalowa m'magazi. Izi si zocheza: madontho a timolol, amene agogo ambiri amalandira chifukwa cha glaucoma, amatha kudzutsa mphumu ndi kuchedwetsa kugunda kwa mtima. Amene ali ndi mphumu kapena vuto la mtima anene kwa dokotala asanalandire. Ngati mwapatsidwa mitundu iwiri, dikirani mphindi zisanu pakati pake, ndipo opaka a m'chubu akhale omaliza. Ofunika firiji musawasiye pawindo kapena m'galimoto yotentha. Ndipo kabotolo ndi ka munthu mmodzi, ngati mswachi.

Kwa anzanga okonda ma contact lens amitundu aja ogula pa Instagram kuti maso aoneke obiriwira pa chithunzi cha birthday, mawu ochepa. Musawatsuke ndi madzi a pampopi kapena malovu, musagone nawo, musabwerekane. M'madzi a pampopi mumakhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba kamene kakalowa mu cornea kamavuta kwambiri kuchiza. Diso likafiira mutavala ma lens, achotseni n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Funso lovuta ndi ili, ndipo sindilizemba: kodi munthu wa kutali, amene ulendo wa kuchipatala ukumudya ndalama ya chakudya cha masiku atatu, n'kukapezanso kuti mankhwala kulibe, timuuze kuti asagule a pagolosale? Anthu sapita kwa ogulitsa osavomerezeka chifukwa cha umbuli wokha. Amapita chifukwa ndi amene ali pafupi ndipo satseka 4 koloko. Boma likafuna kuti tisiye, liyenera kuonetsetsa kuti mankhwala wamba a m'maso monga tetracycline akupezeka m'zipatala zing'onozing'ono, komanso kuti achipatala oona za maso amene ali m'zipatala za m'maboma ali ndi zipangizo. Tidaonetsa kale kuti tikafuna timatha. Mu September 2022 WHO idalengeza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu, dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kutero, ndipo zidatheka chifukwa mankhwala, opaleshoni ndi uthenga wosamba kumaso zidafika m'midzi.

Komabe ngakhale zinthu zili chonchi, yankho langa kwa munthu wa kutali uja silisintha, chifukwa pa diso kusathira kanthu nthawi zambiri kumaposa kuthira chinthu cholakwika. Diso longofiira, lotuluka misozi, koma loona bwino ndi losapweteka kwambiri, lingadikire ndi kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi owiritsa ozizira kopukutira kunja kwa zikope. Ndalama ya kabotolo ija isungeni ikhale ya thiransipoti, chifukwa pali nthawi zimene ulendo sungazengerezedwe. Ngati diso likupweteka kwambiri, ngati mwayamba kuona mwachimbuuzi, ngati kuwala kukukulasani, ngati pakagalasi paja paoneka kadontho koyera, ngati lalasidwa ndi chinthu, kapena lafiira pambuyo pa opaleshoni kaya jakisoni wa m'diso, nyamukani tsiku lomwelo. Mukathiridwa asidi wa batire, laimu, simenti kapena mankhwala a m'munda, apo pokha musadikire za madzi owiritsa: tsukani ndi madzi aukhondo alionse amene ali pafupi, ambirimbiri, kwa mphindi zosachepera 15, kenaka thamangani.

Khanda losakwana mwezi likatupa zikope n'kumatuluka mafinya, lisathiridwe mkaka, lisapakidwe chilichonse cha m'kabati. Chikhoza kukhala chinzonono chotengera pobadwa, ndipo chimenecho chimafuna jakisoni, osati madontho okha, komanso mayi ndi bambo onse alandire chithandizo. Popita kuchipatala, kaya ndi khanda kaya ndinu nokha, nyamulani kabotolo kalikonse kamene mwathira kale, ngakhale ka kwa sing'anga, mukawaonetse adokotala.